DIKONI WOPHIKA SOPO: PHUNZIRO PA MOYO WA WILLIAM COLGATE

Mau owerenga: Macitidwe 6:1-7, 1 Timoteo 3:8-13, Levitiko 19:35-36.

Mwana akatumidwa ku sitolo kukagula mankhwala otsukira mano, kawirikawiri angoti, "Ndifuna Colgate," ngakhale mankhwalawo anapangidwa ndi anthu ena. Dzinali lazolowereka m'kamwa mwathu kotero kuti ambiri ayesa ndiwo mau a Cingerezi otanthauza mankhwala a mano. Koma si tero ai. Colgate ndi dzina la munthu, ndipo munthuyo sanawaone konse mankhwala amene tiwadziwa ife, pakuti anayamba kupangidwa iye atagona m'manda zaka 16. Mwini dzina anali wophika sopo ndi woumba makandulo m'mzinda wa New York, ku America. Ndipo anthu a m'masiku ace, pokamba za iye, ankati Dikoni Colgate. Udikoni wace ndiwo tifuna kuuyang'ana m'phunziro lino, cifukwa m'mipingo yathu ya kumidzi mulibe udindo wina umene anthu aupeputsa monga uwu, ndiponso mulibe wina umene ugwetsa mpingo msanga ukakhala m'manja olakwika.

DIKONI NDANI?

Mau akuti dikoni anacokera ku Cigriki, ndipo tanthauzo lace ndi mtumiki, monga amene aperekera anthu cakudya. Werengani bwino Macitidwe 6, mudzaona kuti dandaulo limene linabuka mu mpingo wa ku Yerusalemu silinali la ciphunzitso, koma la cakudya. Akazi amasiye a Ayuda olankhula Cigriki anali kupitiriridwa pogawa zakudya za tsiku ndi tsiku, ndipo abale ao anayamba kung'ung'udza. Atumwi sanayankhe kuti nkhani ya mimba ndi yaing'ono. Anaitanitsa khamu lonse la ophunzira, nalilamula lisankhe amuna 7 a mbiri yabwino, anzeru, odzazidwa ndi Mzimu. Ndipo pakati pa osankhidwawo panali Stefano ndi Filipo. Taonani muyeso wace: pofuna munthu wogawa ufa kwa amasiye, anafuna munthu wa Mzimu Woyera.

Paulo, polembera Timoteo, anachula makhalidwe oyenera mtumiki wotere. Lilime lace likhale limodzi, asanene zina kwa mbusa ndi zina kuseri kwa nkhokwe. Mowa usamgwire. Ndalama isamkole maso. Mpingo umuone kaye mayendedwe ace usanamuike, ndipo a m'nyumba mwace akhale umboni wace. Palibe pamene Paulo anena kuti akhale wodziwa kulalikira, kapena wolemera, kapena mbale wa amfumu. Ife posankha tiyamba ndi zimene Paulo anazisiya.

UBWANA WACE

William Colgate anabadwa pa 25 January 1783 m'mudzi wa Hollingbourne, m'dera la Kent, ku Mangalande. Atate wace, Robert Colgate, anali mlimi wosabisa maganizo ace. Anayanja poyera anthu a ku America amene anadzicotsa mu ulamuliro wa mfumu ya Angerezi, nayanjanso a ku France amene anagwetsa mfumu yao. Ndipo masiku amenewo munthu wolankhula cotero sanali kugona tulo tabwino m'dziko la Mangalande. Cifukwa cace, m'zaka za m'ma 1790, Robert anasiya munda wace, natenga banja lace, naoloka nyanja kunka ku Baltimore, nakhala m'dera la Maryland. William anali mnyamata cabe.

Ku dziko lacilendolo zinthu sizinawayendere. Robert anagwirizana ndi munthu wina kupanga sopo ndi makandulo, William nawathandiza. Koma cigwirizanoco sicinakhalitse. Cimene mnyamatayo anatulukamo naco si ndalama, koma nchito ya m'manja. Mu 1804 anali ku New York, nagwira nchito kwa ophika sopo ena monga wophunzira, napenyetsetsa zonse, zoyenera kutsanzira ndi zoyenera kupewa zomwe. Mu 1806, ali ndi zaka 23, anatsegula nyumba yaceyace ya malonda m'khwalala lochedwa Dutch Street, nayamba kugulitsa sopo, makandulo, ndi ufa uja wolimbitsa zobvala posita.

Tisayese kuti inali nchito ya anthu obvala zoyera. Amai athu adziwa kuceza cidulo: athira madzi m'phulusa, madziwo nakha pang'onopang'ono, akuthwa ndi oterera. Sopo wa masiku aja anali kupangidwa ndi madzi a phulusa otere, koma akuthwa koposa, owiritsidwa pamodzi ndi mafuta a ng'ombe ndi a nkhosa m'miphika yaikuru. Mafutawo anali kuwatola kwa opha nyama, ndipo pfungo lace powasungunula linali loipa ndithu. Wophikayo anali kutakasa kwa nthawi yaitali pamoto, nathira mcere kuti sopo alekane ndi madzi, namtsanulira m'zikombole, namdula mitanda atauma. Ndipo nchito imeneyi iri ndi yeso lacelace, pakuti sopo amwa madzi. Munthu wacinyengo akhoza kusiyamo madzi ambiri kuti mtanda ulemere pa sikelo. Wogula aona mtanda waukuru nakondwa, koma pofika sabata yamawa wafota, watsala kacidutswa. Cinyengo cotere sicigwidwa pa tsiku la malonda. Tsono wophika sopo aliyense anali kusankha m'seri, payekha, pamene palibe womuona, ngati adzakhala munthu wa muyeso woona kapena iai.

Yeso limeneli ife sitiri alendo nalo. Alipo pakati pathu amene agulira cimanga m'thini yofufuma, nagulitsira m'thini yophwanyika pansi. Alipo amene anyowetsa thonje kapena kuika miyala pakati pa mtedza. Munthu wotere pa Sabata aimba mokweza monga anzace, ndipo tsiku lina dzina lace limveka pa cisankho ca madikoni. Mpingo usanakweze manja, ufunse amai amene agula kwa iye.

Malonda a Colgate anakula pang'onopang'ono, kufikira mu 1820 anatsegula nyumba ina yopangira ufa wa zobvala ku Jersey City, tsidya lija la mtsinje wa Hudson. Za malondazo tilekere pomwepa.

MU MPINGO

Mu February 1808 William Colgate anabatizidwa ndi mbusa William Parkinson mu mpingo woyamba wa Baptist wa ku New York. Anali ndi zaka 25, malonda ace ali akhanda. Mu 1811 anasamukira ku mpingo wa ku Oliver Street, ndipo mu 1838 analowa mpingo wa Tabernacle, umene iye anathandiza kwambiri pa za nyumba yace yopemphereramo. Anakhala Mkristu wa mu mpingo zaka 49, ndipo udindo wa dikoni unamkhala kotero kuti unasanduka dzina lace.

Pali cinthu cimodzi cimene ndicizizwa pa munthu uyu. Anadzakhala mmodzi wa anthu olemera a mpingo wace, wolemba anchito ambiri, wozolowera kulamula ndi kumveredwa. Koma sanafune kukwera kupitirira udikoni, ndipo sanayese kukhala mbusa wa abusa ace. Tidziwa tonse zimene zicitika m'mudzi pamene Mkristu mmodzi agula cigayo kapena ngolo ziwiri. Malata a chalichi akagula ndiye, ayamba kuyesa kuti ndi guwa lomwe waligula. Mlaliki akanena mau omlasa, copereka ciuma mwezi womwewo. Munthu amene apereka zambiri nakhalabe wotumikira asowa kwambiri kuposa munthu wongopereka zambiri.

CAKHUMI

Colgate anali ndi cizolowezi ca kupatula limodzi la magawo 10 a phindu lace kuti likhale la nchito ya Mulungu, ndipo cuma cace pocuruka, zopereka zace zinapitirira muyeso umenewo. Caka ndi caka anatumiza ndalama ku sukulu ya a Baptist ya ku Hamilton, m'dera la New York, kumene anali kuphunzitsa anyamata ofuna ubusa. Anathandizanso bungwe lotumiza amishoni, nasenza yekha zosowa zonse za mmishoni mmodzi wa ku maiko akutali.

Pano ndiyenera kucenjeza, pakuti mbiri ya munthu uyu yagwiritsidwa nchito molakwika m'maulaliki ambiri. Ena ati, "Onani Colgate: anapereka cakhumi, Mulungu namlemeretsa, perekani inunso, mudzalemera." Ciphunzitso cotere cisandutsa mbale ya copereka kukhala katapira, Mulungu nakhala wokongola amene ayenera kubweza ndi ciongoladzanja. Alipo amai amasiye m'midzi yathu amene apereka thini ya cimanga pa mathini 10 aliwonse ciyambire utsikana wao, ndipo kufikira lero agona pa mphasa yong'ambika. Kodi Mulungu wawanyenga? Iai. Sanapangane nao za malonda. Colgate analemera cifukwa anali ndi luso, anagwira nchito zolimba, ndipo anali m'mzinda umene unali kukula msanga, wa anthu ambiri ofuna sopo. Cimene tiphunzira kwa iye ndi cakuti gawo la Mulungu analipatula poyamba, monga mlimi wanzeru apatula mbeu asanayambe kudya za m'nkhokwe, ndipo dzanja lace silinafumbate pamene cuma cinacuruka. Ambiri a ife tikhoza kupereka kwacha 1 pa makwacha 10 osamva kuwawa. Koma tsiku limene tigulitsa ng'ombe, masamu a cakhumi atibvuta mwadzidzidzi.

MLANDU WA LIU LIMODZI

Tsono tifike pa nkhani imene inayesa mtima wa dikoni uyu koposa zonse. Mu 1816 Akristu a mipingo yosiyanasiyana ku America anapanga bungwe lofalitsa Mau a Mulungu, dzina lace American Bible Society, ndipo Colgate anali mmodzi wa oyang'anira ace. Bungwelo linali kusindikiza Mabaibulo ndi kuthandiza amishoni amene anali kumasulira Malembo m'zinenero za anthu a ku maiko ena.

Womasulira aliyense, pofika pa liu la Cigriki lonena za ubatizo, aima pa mphambano. Akhoza kulitenga liulo monga liri, nangolikonza pang'ono kuti likhale bwino m'kamwa mwa anthu. Ndimo anacitira omasulira Baibulo lakale la Cingerezi, ndimonso anacitira amene anatipatsa Buku Lopatulika m'Cinyanja mu 1922, pakuti mau athu akuti kubatiza ndi Cigriki cobvekedwa nsaru ya kwathu. Kapena akhoza kufuna liu la m'cinenero ca anthuwo lonena cimene cicitika. Amishoni a Baptist anatsata njira yaciwiriyi. Adoniram Judson, amene anatsiriza kumasulira Baibulo lonse m'cinenero ca ku Burma mu 1834, anaika liu lotanthauza kumiza m'madzi. Ndipo William Yates anacita comweco m'cinenero ca Bengali ku Calcutta, m'dziko la India.

Mu 1835 amishoni a ku Calcutta anapempha thandizo la ndalama ku bungwe la ku America kuti asindikize Cipangano Catsopano ca Bengali. Oyang'anira anakangana miyezi ingapo, ndipo mu February 1836 anagamula kuti adzathandiza mabuku okhawo amene mipingo yonse ya m'bungwemo ikhoza kuwagwiritsa nchito, ndiko kuti otsata njira ya Baibulo la Cingerezi. Tisafulumire kuwatsutsa. Iwo anati, ndalama izi zaperekedwa ndi Akristu a mipingo yambiri, ena owaza madzi, ena omiza. Sikuyenera kutenga copereka ca munthu wowaza ndi kusindikizira buku lonena kuti ubatizo wace suli ubatizo. Koma a Baptist nawonso anali ndi mau. Anati, womasulira akadziwa tanthauzo la liu, nalibisa dala m'cinenero cacilendo pofuna mtendere wa mipingo ya ku America, ndiye kuti wammana munthu wa ku Burma cimene Mulungu anampatsa. Ndipo ndalama zathunso ziri m'thumba lomwelo.

Colgate anaima ndi a mpingo wace, natuluka m'bungwe limene analitumikira zaka zambiri. A Baptist anapanga lao, American and Foreign Bible Society, limene linakhazikika mu 1837, mbusa Spencer Cone nakhala mtsogoleri wace, Colgate nakhala msungicuma.

Mlandu sunathere pomwepo. Patapita zaka, Cone ndi anzace anafunsa funso lobvuta: ngati tinena kuti anthu a ku Burma ayenera kumva liu lirilonse momveka, nanga ana athu olankhula Cingerezi? Baibulo lao linamasuliridwa mu 1611, ndipo mau ena m'menemo anakalamba, ena sanamasuliridwe bwino, tilikonzenso. Apa a Baptist okhaokha anagawanika. Ambiri anakonda Baibulo la makolo ao, naopa kuti anthu adzati a Baptist adzipangira Baibulo laolao. Mu May 1850 msonkhano wa bungwelo unakana maganizo a Cone. Masiku owerengeka atapita, anthu ocepa anasonkhana m'nyumba ya Dikoni Colgate, ndipo mu June 1850 anapanga bungwe lacitatu, American Bible Union. Nkhalamba ya zaka 67 inasiyanso abwenzi ace akale, nisenza thumba la bungwe latsopano kufikira imfa yace.

Kodi anacita bwino? Ine ndiyesa kuti pa mfundo yace analondola: Mau a Mulungu ayenera kumveka kwa mai wa pamtondo monga amveka kwa mphunzitsi, ndipo cinenero cikasuntha, kumasulira kuyenera kutsata. Koma mtengo wa kugawanikako unali waukuru. Abale a mpingo umodzi anatsutsana m'manyuzi zaka zambiri, ndalama zimene zikadagula Mabaibulo zinagawika pawiri, ndipo Cipangano Catsopano ca Cingerezi cimene bungwelo linatulutsa iye atamwalira sicinalowe m'malo mwa cakale m'mipingo. Panafunika msonkhano waukuru wa ku Saratoga mu 1883 kuti a Baptist atseke mlanduwo. Amene akonda kutuluka mu mpingo pa kankhani kalikonse asadzitonthoze ndi dzina la Colgate. Iye anatuluka m'mabungwe, koma m'mpingo wace anakhalamo, nasonkhana ndi abale pa gome la Ambuye kufikira cimariziro. Kalasi likambirane: ndi nkhani ziti zimene Mkristu ayenera kuimapo ngakhale atsale yekha, ndipo ndi ziti zimene ayenera kugonjera unyinji wa abale?

WOSUNGA THUMBA

Mwa zonsezi muone cinthu cimene cibwera kawiri. Pamene anthu anali kupanga bungwe latsopano, mitima iri yotentha, adani ali chire kufuna powatsutsira, thumba analipereka kwa munthu yemweyo, mu 1837 ndi mu 1850. Ndipo analisunga zaka 20. Mpando wa mtsogoleri anthu akhoza kuupereka kwa munthu cifukwa ca kulankhula kwace, koma thumba alipereka kwa iye amene amkhulupirira.

Madikoni a kwathu, nkhani iyi ndi yanu. Dikoni amene agwa pa ndalama za mpingo kawirikawiri sayamba ndi mtima wakuba. Mvula yagwa, cimanga cafika m'maondo, cayamba cikasu, ndipo feteleza palibe. M'kabokosi pansi pa kama muli ndalama za malata a chalichi, zimene sizidzafunika kufikira mwezi wa June. Ati mumtima, ndingobwereka, ndidzabweza pokolola. Kapena mwana wadwala usiku, kapena apongozi amwalira. Zifukwa zace ndi zomveka zonse, ndipo palibe wa ife amene angamponye mwala mopepuka. Koma caka cimeneco ng'amba igwa, zokolola zicepa; pa msonkhano wa mpingo ayamba kuzemba, ati buku laiwalika kunyumba; anthu anong'onezana, copereka citsika, ndipo malata sagulidwa. Pomariza munthu wabwino asamuka m'mudzi ndi manyazi, ana ace naleka kupemphera.

Cifukwa cace mpingo umene ukonda dikoni wace usamsiye yekha ndi thumba. Copereka ciwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu anthu asanabalalike, cilembedwe m'buku pomwepo, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa mpingo mwezi ndi mwezi. Cimanga ca cakhumi ciyesedwe ndi thini imodzi polowa ndi potuluka m'nkhokwe ya mpingo. Dikoni akagwa m'tsoka, anene poyera, abale amthandize ndi zao, asatenge m'seri. Paulo mwini, ponyamula mphatso ya mipingo kunka nayo ku Yerusalemu, sanalole kuyenda nayo yekha, koma anatsagana ndi abale osankhidwa ndi mipingo, monga muwerenga pa 2 Akorinto 8:18-21. Ngati mtumwi anafuna mboni, dikoni wa pa mudzi asakwiye pofunsidwa buku. Ndiponso akumbukire kuti thumbalo si la malata okha. Amasiye a pa Macitidwe 6 akali pakati pathu, ndipo m'mwezi wa February, nkhokwe zitapepuka, dikoni ayenera kudziwa khomo limene utsi sunafuke.

A M'NYUMBA MWACE

Colgate anakwatira Mary Gilbert, ndipo ana ao anakula m'nyumba imene abusa ndi amishoni anali kulowa ndi kutuluka. Awiri a iwo, Samuel ndi James, anadziwika pambuyo pace monga amuna olimba mu mpingo wa Baptist ndi opereka mowolowa manja. Pa zaka zomariza za m'ma 1840 panabuka maganizo akuti sukulu ya ku Hamilton, imene pa nthawiyo inali kudziwika ndi dzina la Madison University, isamutsidwire ku mzinda wa Rochester. Colgate anali mmodzi wa amene anakana zolimba, ndipo sukuluyo inakhala pamalo pace.

Anamwalira ku New York pa 25 March 1857, ali ndi zaka 74, akali msungicuma wa bungwe la Mabaibulo. Samuel anatenga malonda a atate wace. Ndipo m'masiku a Samuel, mu 1873, ndimo anayamba kugulitsa mankhwala otsukira mano, poyamba m'timitsuko, ndipo kuyambira 1896 m'timachubu tofinya. Ana ace anapitiriza kuthandiza sukulu ya ku Hamilton zaka zambiri, kufikira mu 1890 oyang'anira ace anaisintha dzina, naicha Colgate University.